Kuphunzitsa ndi intaneti m'kalasi ya ana 50: mmene ndimachitira kuno ku Harare

Tsiku loyamba limene ndinalowa ndi laputopu m'kalasi, ndinali nditalonjeza ana a giredi 6 kuti aona mmene mtima umapopera magazi. Anakhala chete, maso onse pakhoma. Vidiyo ija inakana kutseguka. Kachizindikiro kaja kanangozungulira pa sikirini, ine thukuta lili kamukamu, ndipo ndisanapeze chochita magetsi anazima. Belu linalira ana asanalembe kanthu m'makope mwawo. Zinandipweteka chifukwa pasukulu pathu ana amaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, ndiye mphindi zikatayika sizibwezeka.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale ku Mufakose. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, n'kukhazikika ku Rugare, ndipo Loweruka lililonse ndimathandiza ana a kutchalitchi kwathu kuwerenga Chichewa. Zimene ndalemba panozi ndi zimene ndimachita kuyambira tsiku lija, ndipo zonse zagona pa mfundo imodzi: phunziro lizikhala litalowa kale mu laputopu musanalowe m'kalasi, kuti netiweki ndi magetsi zisakhale ndi mphamvu yoliononga.

Choyamba: tsegulani silabasi musanatsegule foni

Aphunzitsi anzanga, pa intaneti pali zinthu zokongola zosawerengeka, ndipo munthu ukhoza kutha usiku wonse ukusirira. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani sikimu yanu, muone mutu wa sabata yamawa, kenako mudzifunse kuti pamutu umenewu n'chiyani chimene choko ndi bolodi zimalephera kuonetsa. Kuchotsera ndi kuphatikiza manambala bolodi imakwanitsa bwinobwino, musavutike nazo. Koma mmene magetsi amayendera m'waya, mmene dziko limazungulirira dzuwa, mmene mtsinje wa Zambezi umaonekera uli m'mwamba, zimenezi ndiye zofunika sikirini.

Lembani funso limodzi lokha limene mukufuna kuti mwana aliyense athe kuyankha potuluka. Mwachitsanzo: n'chifukwa chiyani babu limodzi likapsa m'nyumba ena amayakabe? Funso limeneli ndi limene likutsogolereni posaka. Chimene sichikuthandiza kuliyankha musiyeni, kaya chikongole bwanji.

Chachiwiri: werengani zimene muli nazo

Laputopu yanu batire lake limakhala nthawi yaitali bwanji? Yesani kunyumba ndi wotchi, musangoganizira. M'kalasi mwanu muli soketi yogwira ntchito? Pulojekita ya sukulu imakhala ndi ndani, ndipo chingwe chake n'cha HDMI kapena chakale chija cha VGA? Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa chingwe chakalecho, ndiye pamafunika kaadaputa. Gulani kanu, kazikhala m'chikwama mwanu.

Ngati pulojekita palibe, TV yakale yokhala ndi HDMI imagwira ntchito. Ngati nayonso palibe, laputopu imodzi ndi yokwanira, bola mugawe ana m'magulu a anthu 8 kapena 10, gulu lililonse lizibwera kutsogolo kwa mphindi zisanu pamene enawo akulemba ntchito imene mwawasiyira pa bolodi. Musaiwale kasipika kotchaja. Mawu a laputopu safika kumbuyo kwa kalasi ya ana 50, makamaka mvula ikamagwa pa malata.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Mu 2019, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, tinkakhala mpaka maola 18 opanda magetsi, ndipo vutoli limabwerabwera. Choncho konzekerani ngati kuti magetsi kulibe. Akapezeka, ndi mwayi.

Chachitatu: dawunilodani zonse phunziro lisanafike

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Pa sayansi ndi masamu, yambani ndi PhET. Ili ndi tsamba la yunivesite ya Colorado Boulder ku America, limene linayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, katswiri amene analandira mphoto ya Nobel. Si mavidiyo ayi, ndi zoyeserera zimene munthu umagwira ndi kusintha wekha: umalumikiza mawaya, umaika miyala pa sikelo, umadula chinthu m'zidutswa n'kumaona mafulakishoni akusintha. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti zoyeserera zambiri zimatheka kuzisunga, chilichonse ngati fayilo imodzi yaing'ono. Tsegulani tsamba la PhET, sakani Circuit Construction Kit: DC kapena Fractions: Intro, dinani kachizindikiro kodawunilodera kamene kali pansi pa chithunzi, fayiloyo muiike mu foda yanu. Mukadzaidina, imatseguka mu Chrome kapena Firefox popanda intaneti. N'zaulere.

Mavidiyo ofotokoza masamu pang'onopang'ono ali pa Khan Academy, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imalola kusunga vidiyo kuti mudzaonere nthawi ina. Koma dziwani kuti anawakonzera ana a ku America. Magiredi awo sagwirizana ndendende ndi athu, ndipo zitsanzo zina zimakamba za mamailo ndi mapaundi pamene ife timayeza ndi makilomita ndi makilogalamu. Onerani vidiyo yonse nokha, mulembe mphindi imene mudzayambire ndi imene mudzaimitse. Mphindi zitatu kapena zinayi n'zokwanira kwa mwana wa pulaimale.

Zogwirizana ndi silabasi yathu zili pa Learning Passport, imene unduna wa maphunziro a pulaimale ndi sekondale unakhazikitsa mu 2021 mogwirizana ndi UNICEF ndi Microsoft. Inabwera pambuyo pa mavuto a Covid-19, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 ana n'kumaphunzira kudzera pa wailesi. Ndi pabwino kuyambira mukafuna zinthu zimene zalembedwa moganizira mwana wa kuno.

Tsopano ngati sukulu yanu ili ndi makompyuta angapo kapena matabuleti amene akungodya fumbi m'kabati chifukwa chosowa intaneti, imvani izi. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kolibri, ya bungwe la Learning Equality. Mumaiika pa laputopu imodzi, kenako mumapita pamene pali WiFi yamphamvu n'kukokera m'menemo maphunziro amene mukufuna, kuphatikizapo a Khan Academy, PhET ndi African Storybook. Mukabwerera kusukulu, lumikizani laputopuyo ku rauta wamba, kabokosi kaja kogawa WiFi, ngakhale yopanda bandulo. Kolibri imakuonetsani manambala a adiresi yake. Mwana akalumikiza tabuleti ku rauta yomweyo n'kulemba manambalawo, maphunziro onse amatseguka ngati ali pa intaneti, chonsecho palibe ndalama imene ikupita. Mukhozanso kulembetsa ana anu mmenemo n'kumaona amene watsiriza ntchito ndi amene wakakamira. Tsiku loyamba limavuta, n'zoona. Pemphani mphunzitsi wa ICT kapena mnyamata wodziwa makompyuta wa m'dera lanu kuti mukhale naye masana amodzi.

Palinso Kiwix, imene imasunga Wikipedia kuti iziwerengedwa popanda intaneti. Mafayilo ake amatchedwa ZIM, ngakhale dzinalo silikukhudzana ndi dziko lathu lino. Wikipedia yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi ndi yaikulu kwambiri, pafupifupi magigabaiti 100, choncho sankhani tizigawo ting'onoting'ono, monga ka sayansi kapena ka jogalafe.

Kodawunilodera ndi kuti? Makampani a mafoni amakhala ndi mabandulo osiyanasiyana ndipo mitengo imasinthasintha, ndiye fufuzani otchipa pa nthawiyo. Dziwani kuti bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula masamba amenewa. Ine zazikuluzikulu ndimakokera kwa mlamu wanga amene ali ndi WiFi kunyumba, kamodzi pa mwezi, nditalemba kale mndandanda wa zonse zimene ndikufuna. Vidiyo muziisankha pa 360p kapena 480p. Pakhoma imaoneka bwino ndithu, ndipo siidya bandulo ngati ya HD.

Mafayilo muwapatse maina omveka, oyamba ndi giredi, kenako phunziro ndi sabata. Sungani china pa laputopu, china pa fulashi.

Chachinayi: yesani intaneti itazimitsidwa

Zimitsani WiFi, zulani laputopu kumagetsi, tsegulani chilichonse chimene mwakonza. Chimene chakana kutseguka kunyumba chikakananso m'kalasi. Kenako lembani pakapepala zimene mudzachite zonse zikadzakanika: chojambula cha pa bolodi, mafunso atatu, ndi zipangizo zenizeni ngati zilipo.

Chachisanu: m'kalasi, kope patsogolo sikirini pambuyo

Lumikizani zingwe ana asanalowe, kapena pa nthawi ya buleki. Sankhani ana awiri odalirika, mtsikana ndi mnyamata, oti azikuthandizani kunyamula ndi kutseka makatani, ndipo muziwasintha mwezi uliwonse. Mukapanda kusamala, anyamata okhaokha ndi amene amathamangira ku kompyuta, atsikana n'kumangoonerera.

Lamulo langa ndi ili: mwana asaone yankho pa sikirini asanalembe zimene iye akuganiza. Ndikufotokozereni mmene zinayendera pa phunziro la magetsi lija. Ndinamanga pa PhET batire limodzi ndi mababu awiri ondondozana pa waya umodzi, onse akuyaka. Ndiye ndinachotsa dzanja pa mausi.

"Ndikachotsa babu ili, linzakeli litani? Lembani m'kope, musauze mnzanu."

Nditawerenga manja, ambiri anati liyaka kwambiri chifukwa latsala lokha, magetsi onse ndi ake. Ndinaitana mtsikana wina wofatsa amene amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera kuti adzachotse yekha. Anagwira mausi ndi manja awiri, n'kudula waya. Mababu onse anazima, ndipo timadontho toimira magetsi tija tinaima nji. Kalasi yonse inati "Haa!"

Sindinafotokoze kanthu. Ndinamanganso, koma ulendo uno babu lililonse ndi njira yakeyake yochokera ku batire, n'kufunsanso funso lomwe lija. Analemba. Titachotsa limodzi, linalo linayakabe. Mnyamata wina amene agogo ake ndimapemphera nawo anaimika dzanja, n'kuiwala Chingerezi chifukwa cha chisangalalo.

"Madamu, n'chifukwa chake kwathu babu la kubafa linapsa koma la pabalaza likuyakabe!"

Apo ndiye ndinatseka laputopu. Inali itagwira ntchito kwa mphindi 12 zokha. Nthawi yotsalayo magulu anapatsidwa mabatire a tochi, timababu ndi mawaya, anamanga okha ndi manja, kenako aliyense anajambula m'kope ndi kulemba chiganizo chimodzi chofotokoza. Mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno, amalembedwa ndi cholembera papepala, choncho chimene mwana waona chiyenera kutsikira m'kope tsiku lomwelo.

Mukamaonetsa vidiyo, chitani chimodzimodzi. Imitsani pafupipafupi, funsani, ndipo fotokozaninso m'chinenero chimene ana akumva, kaya Chishona kaya Chichewa. Chingerezi cha m'mavidiyo ambiri chimathamanga, ndipo mwana amangogwedeza mutu asakumva.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani amene wamva ndi amene watsalira

Kahoot, pulogalamu ya mpikisano wa mafunso pa intaneti, ndi yosangalatsa, koma imafuna kuti mwana aliyense kapena gulu lililonse likhale ndi foni yolumikizika, zimene kwathu kuno sizitheka. Plickers ndi imene imatiyenera. Mumasindikiza makhadi a pepala, mwana aliyense lakelake. Khadi lili ndi mbali zinayi, A, B, C ndi D, ndipo mwana amaimika m'mwamba mbali imene akuti ndi yankho. Inu mumangoyendetsa kamera ya foni yanu kalasi yonse, n'kuona pompo amene alakwa. Ubwino wake mwana sangaonere kwa mnzake, chifukwa makhadiwo safanana. Imafuna intaneti pang'ono pa foni yanu yokha. Makhadiwo amateni pa katoni kuti akhalitse, ndipo ngati mukuwakuta ndi pulasitiki, pewani yonyezimira chifukwa kamera imavutika kuwerenga.

Kwa ana a sekondale amene ali ndi mafoni kunyumba, Google Forms imathandiza: mumalemba mafunso, n'kuiuza mayankho olondola, iyo n'kumachonga yokha. Koma ntchito yotere isakhale yokakamiza. Ana ambiri foni ndi ya amayi awo, ndipo amayiwo amabwera nayo usiku kuchokera kumsika ku Mbare. Amene alibe apatseni mafunso omwewo papepala, popanda kuwachititsa manyazi.

Chachisanu ndi chiwiri: Chichewa chathu chipeze malo

Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma mabuku a ana a Chichewa simungawapeze wamba m'masitolo a mu Harare. Ana athu ambiri ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth amachimva agogo akamalankhula, amayankha m'Chishona, ndipo kuwerenga sanayesepo. Ichi chimandidya mumtima, n'chifukwa chake Loweruka sindijomba.

Tsamba la African Storybook, la bungwe la Saide la ku South Africa, lili ndi timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa muno. Posaka, yesani maina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja, chifukwa ena analembedwa ku Malawi ena ku Zambia. StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India nayo ndi yotero. Dawunilodani ngati PDF, muonetse pakhoma tsamba limodzi limodzi, muwerenge mokweza, ana abwereze. Masamba awiriwa amalolanso munthu kumasulira nthano m'chinenero chake. Ife timatenga ya Chishona imene ana akuidziwa kale, n'kuimasulira limodzi, ndipo mawu akatisowa ana amapita nawo kwa agogo. Mtsikana wina anabwera ndi mawu akuti "nkhokwe" atalembedwa padzanja kuti asaiwale panjira.

Google Translate ili nacho Chichewa, koma musaikhulupirire pa ziganizo zazitali kapena miyambi. Ndi bwino kuigwiritsa ntchito mobwerera: ionetseni pakhoma itamasulira, ana apeze pamene yaphonya.

Maphunziro atsopano amene anayamba mu 2024, otsindika za chikhalidwe ndi chuma chathu, anachotsa CALA, ntchito zija zimene ana ankapatsidwa chaka chili mkati zowerengeredwa pa zotsatira za mayeso, n'kubweretsa mapulojekiti a pasukulu. Apa foni imathandiza kwambiri. Mwana akhoza kujambula mawu a agogo ake akufotokoza ulendo wawo wobwera kuno, kenako m'kalasi n'kuulondola pa Google Earth: kuchoka Blantyre, kudzera Mwanza ndi Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa pa Nyamapanda mpaka Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Google Earth imafuna intaneti yamphamvu, choncho jambulani zithunzi za pa sikirini kunyumba, muziike mwadongosolo.

Ena amafuna kulemba za Gule Wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure, ndipo amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 chaka chimodzi ndi gule wa Mbende Jerusarema wa ku Murewa. Alimbikitseni, koma muwalangize kuti ayambe apempha kwa akuluakulu a mwambowo asanajambule, ndipo za kudambwe si zoika pa intaneti. Zimene zalembedwa pa intaneti zokhudza gule zambiri analemba ndi alendo, ndiye mwana aziyerekeze ndi zimene amva kwa eni ake.

Chachisanu ndi chitatu: tetezani ana, lankhulani ndi makolo

Musanayambe zonsezi, kambiranani ndi ahedi, chifukwa sukulu iliyonse ili ndi lamulo lake pa za mafoni. Gulu la WhatsApp likhale la makolo, osati la ana, ndipo muliike kuti otumiza uthenga akhale inu nokha ndi kholo limodzi lothandizira, apo ayi lidzadzaza ndi malonda ndi mauthenga a maliro, homuweki n'kumira. Musalemberane ndi mwana mwamseri pa foni. Zotsatira za mayeso a mwana musaziike pagulu. Zithunzi zoonetsa nkhope za ana musazitumize pa Facebook kapena pa status popanda chilolezo cha makolo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo ana nawonso limawateteza.

Osasaka chinthu pa Google kapena YouTube pulojekita ili yoyaka. Simudziwa chimene chingatulukire pambali. Mauthenga a WhatsApp ndi imelo pa laputopu muwatseke musanalumikize.

Lembani nambala ya Childline, 116, pakona ya bolodi ndipo isafufutidwe. Ndi yaulere. Uzani ana kuti munthu wachilendo akamawalembera pa foni, kuwapempha zithunzi kapena kuwalonjeza ndalama, auze munthu wamkulu kapena aimbe pamenepo.

Nyengo ya mayeso ikayandikira, m'magulu a WhatsApp mumayamba kuyenda anthu ogulitsa zimene amati ndi mapepala a mayeso a chaka chino. Chenjezani makolo msanga. Nthawi zambiri ndi akuba chabe, ndipo ngakhale pepalalo litakhala lenileni, mwana wopezeka nalo zotsatira zake zimafafanizidwa. Mapepala a zaka zam'mbuyo ndi amene ali oyenera kukonzekerera.

Kuyambira mu 2024 Meta AI, makina oyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, analowa mu WhatsApp kuno, ndiye mwana amene wagwira foni ya amayi ake akhoza kulembetsa homuweki yonse m'kanthawi kochepa. Kuletsa kokha sikuthandiza. Ine ndimafunsa makinawo funso la nkhani imene ana akuidziwa bwino, monga za mtsinje wa Mukuvisi kapena za dera lathu, ndimasunga yankho lake, n'kuliwerenga nawo m'kalasi tikufufuza zoona ndi zopeka. Akaona okha kuti chimalankhula molimba mtima ngakhale pamene chalakwa, amayamba kuchenjera. Ndipo ntchito iliyonse yochokera kunyumba ndimafunsa mwini wake kuti andifotokozere ndi pakamwa ndime imodzi.

Chomaliza: lembani, ndipo mugawireko mnzanu

Phunziro likatha, zimitsani pulojekita ndi batani lake, muidikire izizire musanaizule kumagetsi, chifukwa babu lake ndi lodula. Werengani zingwe ndi mausi ana asanatuluke. Kenako tengani mphindi ziwiri kulemba kumbuyo kwa sikimu: fayilo iti, inatenga nthawi yaitali bwanji, ana anakakamira pati. Chaka chamawa mudzangotsegula pomwepo.

Pasukulu pathu tili aphunzitsi anayi amene tinagawana maphunziro, wina masamu, wina sayansi, wina jogalafe ndi mbiri, ine zinenero. Aliyense amadawuniloda za mbali yake, ndipo Lachisanu loyamba la mwezi timakumana mu stafu rumu kukopera zonse pa hard drive imodzi imene imasungidwa mu ofesi ya ahedi. Fulashi iliyonse imayamba yapimidwa mavairasi isanalowe pa laputopu ya munthu, chifukwa imodzi yochokera kosindikizira mapepala m'tauni inatibisirapo mafoda a temu yathunthu. Ngati mukuyamba kumene, sabata ino dawunilodani fayilo imodzi yokha ya PhET, muiyese WiFi itazimitsidwa, mukalowe nayo m'kalasi Lolemba.